Vinyo Watsopano wa Novembala: Woyenera Kumufunafuna ndi Uti?

 Kuno kwathu miyezi ya Okutobala ndi Novembala ndi ya dzuwa loswa mtengo. Nyenje zili kulira, mizere yatha m'minda, ndipo maso a aliyense ali kumwamba kudikira mvula yodzalira. Koma kwa anzathu a ku Ulaya kalendala ndi yotembenuka. Pamene ife tikukonzeka kudzala, iwo amakhala akumaliza kukolola. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala masamba a mitengo amafiira n'kuyoyoka, kuzizira kumayamba, ndipo nyengo imeneyi Apwitikizi amaitcha outono. Amenewo ndiwo masika awo, nthawi yothyola mphesa ndi kutulutsa vinyo woyamba wa chaka.

Wina afunsa kuti, nanga ife a ku Domwe, Tsangano kapena Furancungo zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza ndithu. Mabotolo a vinyo masiku ano adadzaza m'masitolo a ku Tete ndi ku Ulongwe. Ana athu ogwira ntchito ku Joni, ku Maputo ndi ku Lisboa amabwera nawo pa Khirisimasi. Pa ukwati ndi pa ubatizo eni phwando amafuna kuti pa tebulo la akuluakulu pakhale botolo. Ndalama zimene zimapita pamenepo ndi za thukuta, za fodya ndi mbatatesi. Tsono n'chinthu chowawa kuti munthu alipire mtengo wa nkhuku zingapo n'kupatsidwa vinyo amene adafa kale. Safunsa adadya phula. Tiyeni tifunse tisanagule.

Vinyo watsopano n'chiyani?

Amayi ofulula moŵa samva zachilendo pano. Mu madzi a mphesa muli shuga. Tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa yisiti timadya shuga ameneyu n'kumusandutsa ukali wa moŵa ndi mpweya, monga momwe thobwa limasandukira masese likagonera masiku. Kusiyana kwake n'kwakuti mphesa sizifuna chimera, chifukwa shuga wake ndi wobadwa naye. Botolo limodzi la mamililita 750 limadya mphesa zopitirira pang'ono kilogalamu imodzi.

Vinyo wambiri wofiira akatha kuwira amasungidwa m'migolo miyezi yambiri, wina mpaka zaka, kuti khambi lake lichepe. Khambi limeneli, longa la nthochi yosapsa, limachokera ku makoko ndi njere za mphesa, ndipo ndi lomwe limathandiza vinyo kukhalitsa. Vinyo watsopano ndi wosiyana. Amapangidwa mwadala kuti amwedwe patangopita masabata ochepa chithyolereni mphesa. Khambi lake ndi lochepa, fungo lake ndi la zipatso, ndipo moyo wake ndi waufupi. Tingamuyerekeze ndi chimanga chachiwisi. Mondokwa amakoma tsiku lomwe wathyoledwa, koma palibe amene amamuika m'nkhokwe kuti adye chaka chamawa. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mawu akuti vinyo amakoma akakalamba ndi oona pa vinyo wina, koma pa vinyo watsopano ndi bodza lomwe wogulitsa angakudyereni nalo ndalama.

Ku France: Lachinayi lachitatu la Novembala

Wotchuka pa onse ndi Beaujolais Nouveau. Beaujolais ndi dera la mapiri ang'onoang'ono kumpoto kwa mzinda wa Lyon, ndipo liwu lakuti nouveau limatanthauza watsopano. Mphesa zake ndi za mtundu wa Gamay. Mbewu imeneyi idayamba yanyozedwapo. Mu 1395 wolamulira wa dera la Burgundy, Philippe le Hardi, adalamula kuti izulidwe m'minda ya kwawo ati poti ndi yachabe. Koma kumwera pang'ono, m'nthaka ya miyala ya ku Beaujolais, mbewu yonyozeka ija idapeza kwawo.

Kapangidwe kake ndi kodabwitsa. Mphesa amathyola ndi manja, phava lonse lathunthu, n'kuziponya m'thanki osaziphwanya. Za pansi zimaphwanyika zokha ndi kulemera kwa zinzake, n'kuyamba kuwira ndi kutulutsa mpweya umene umadzaza thanki. Zapamwamba, posowa mpweya wabwino, zimayamba kuwira m'kati mwa khungu lawo lomwe. Pakapita masiku ochepa amazifinya. Chotuluka ndi vinyo wofiirira mowala, wopepuka pakamwa, wonunkhira ngati nthochi yakupsa ndi zipatso zofiira.

Kalekale vinyo ameneyu ankamwedwa ndi okolola okha komanso m'malo odyera a ku Lyon. Mu 1951 boma lidalola kuti azigulitsidwa msanga, osadikira Disembala monga vinyo wina. M'zaka za m'ma 1970 Angerezi adayambitsa mpikisano wa magalimoto wothamangitsa mabotolo oyamba kupita nawo ku London, ndipo wamalonda wina, Georges Duboeuf, amene adamwalira mu 2020, adamutchukitsa dziko lonse ndi mabotolo ojambulidwa maluwa. Kuyambira mu 1985 lamulo lidakhazikika lakuti tsiku lotsegula ndi Lachinayi lachitatu la Novembala, limene limagwa pakati pa 15 ndi 21. Usiku wa Lachitatu, koloko ikangodutsa 12, migolo imatsegulidwa, ndipo m'tauni ya Beaujeu mumakhala chikondwerero cha miyuni ndi nyimbo. Dziko la Japan ndilo lakhala likugula wochuluka kuposa maiko ena akunja. Kumeneko, ku malo otchedwa Hakone, anthu amafika posamba m'dziwe lothiridwa vinyo ameneyu. Kuyenda n'kuona.

Ngati mwana wanu ali ku Ulaya ndipo akufuna kulaŵa, asankhe botolo lolembedwa Beaujolais-Villages Nouveau, chifukwa mphesa zake zimachokera ku midzi yosankhika ndipo nthawi zambiri amakhala wokhuthala bwino. Amwedwe wozizira pang'ono, makamaka miyezi ingapo yoyambirira isanathe. Ndipo ngati akufuna kukutengerani botolo loti lipirire ulendo, asiye watsopanoyo. Atenge vinyo wa midzi khumi yapamwamba ya dera lomwelo, monga Morgon, Fleurie kapena Moulin-à-Vent. Ameneyu ndi Gamay yemweyo, koma sathamangitsidwa, ndipo amakhala zaka zingapo osafooka.

Ku Portugal: tsiku la São Martinho

Kwa ife a ku Mozambique mwambo wa Apwitikizi ndiwo uli pafupi. Pa 11 Novembala amakumbukira Martinho woyera, msilikali wa Aroma uja amati adang'amba chofunda chake pakati n'kugaŵira wopemphapempha, amene pambuyo pake adakhala episkopi wa ku Tours ndipo adamwalira mu 397. Pa tsikuli mlimi aliyense amalowa m'nyumba yosungira migolo kukalaŵa vinyo wa chaka chimenecho. Amasonkha moto pabwalo n'kuwotcha castanha, osati ya caju ija timaidziwa, koma mtedza wa mumtengo wa kumaiko ozizira umene ukapsa umakoma ngati mbatata yowotcha. Phwando limeneli amati magusto. Ku tauni ya Golegã masiku omwewo kumachitika msika waukulu wa akavalo.

Pa magusto pamamwedwa zakumwa ziwiri zofunika kuzisiyanitsa. Choyamba ndi água-pé. Akatha kufinya mphesa amathira madzi pa makoko otsala n'kuwiritsanso. Chimatuluka ndi chakumwa chopepuka, chimene kale chinali cha antchito a m'minda. Chachiwiri ndi jeropiga. Apa amatenga madzi a mphesa n'kuthiramo kachasu wa mphesa, aguardente, kuti kuwira kuime shuga asanathe. Jeropiga ndi wotsekemera ngati uchi, koma ukali wake ndi woposa wa vinyo wamba. Amanyenga lilime n'kugwetsa miyendo. Mlendo amene sakumudziwa amwe pang'ono.

Palinso Vinho Verde, amene ambiri mudamuonapo m'masitolo. Ngakhale verde ndi mtundu wobiriwira, vinyoyu sali wobiriwira ayi. Dzinali limanena za uwisi wake, kuti ndi womwa akadali mwana. Amachokera kumpoto chakumadzulo kwa Portugal, dera la Minho, limene malire ake adakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1908. Wambiri ndi woyera, wowawasa pang'ono ngati mandimu, wothetheka pang'ono pa lilime, ndipo ukali wake ndi wocheperapo, kawirikawiri pakati pa magawo 9 ndi 11 pa 100 alionse. Mphesa zake zodziwika ndi Loureiro ndi Alvarinho, ndipo Alvarinho wa ku Monção ndi Melgaço ndiye wamphamvu ndi wodula. Koma dziwani kuti Vinho Verde wa mphesa za Seputembala satuluka mu Novembala. Amafika pamsika patapita miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Pa vinyo yense wa ku Ulaya amene tikumutchula lero, uyu ndi amene amagwirizana ndi kutentha kwathu, ndipo amayenda bwino ndi nsomba kapena nkhuku yowotcha.

Ku Italy, Germany ndi Austria

Anthu a ku Italy ali ndi wawo wotchedwa novello. Malinga ndi lamulo la mu 2012, amaloledwa kugulitsidwa kuyambira pa 30 Okutobala, ndipo magawo osachepera 40 pa 100 alionse ayenera kukhala opangidwa mwa njira ija yowiritsa mphesa zosaphwanya. Mosiyana ndi ku Beaujolais, iwo amagwiritsa ntchito mitundu yambiri ya mphesa, kotero novello wa ku Veneto salingana kukoma ndi wa ku Toscana.

Ku Germany kuli chakumwa chimene chingakusekereni, poti chimafanana ndi zathu. Dzina lake ndi Federweisser. Awa ndi madzi a mphesa amene angoyamba kumene kuwira, oyera mbuu ngati thobwa, otsekemera ndi othetheka. Amagulitsidwa mu Seputembala ndi Okutobala akangofika ukali wa magawo 4 pa 100, ndipo amapitiriza kupsa ali m'botolo momwemo. Chifukwa chake satseka kolimba, kuopa kuti botolo lingaphulike. Amene mudanyamulapo paketi ya Chibuku yokhala ndi kabowo pamwamba mukudziwa kuti chotere sachigoneka. Amamwa akudyera chitumbuwa cha anyezi. Lero ndi wotsekemera, mkucha wakalipa, sabata ikatha wasasa. Abale athu zikwizikwi amene adakagwira ntchito ku East Germany pakati pa 1979 ndi 1990, aja timawatcha madjermane, adakhala m'dziko limene linali ndi minda yake ya mphesa m'mbali mwa mitsinje ya Saale, Unstrut ndi Elbe.

Ku Austria chakumwa chomwecho amati Sturm, kutanthauza namondwe. Vinyo wa chaka chimenecho akadikha amamutcha Heuriger, ndipo dzina lomwelo limanenanso timalo timene alimi amagulitsirapo. Mu 1784 mfumu Joseph II idalola mlimi aliyense kugulitsa vinyo wa m'munda mwake pakhomo pake. Mpaka lero m'mphepete mwa mzinda wa Vienna mlimi amapachika nthambi za paini pakhomo kudziwitsa odutsa kuti vinyo alipo, monga momwe kwathu kuno mbiri ya moŵa wapsa imamvekera mudzi wonse.

Zakumwa zimenezi ndi zomwera komweko. Munthu akakuuzani kuti ali ndi Federweisser weniweni pa msika wa m'malire, mufunseni kuti wadutsa naye bwanji nyanja botolo lili chotsegula.

Masika a kumwera

Tsopano tibwerere kufupi. Dziko la South Africa lili mbali yathu ino ya dziko lapansi, choncho mphesa zake zimakololedwa kuyambira Januwale mpaka Epulo, nthawi imene ifenso tikudya zamasika. Vinyo woyamba kumeneko adafinyidwa ku Cape pa 2 Febuluwale 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck. Lero minda yaikulu ili ku Stellenbosch, Paarl, Robertson, Worcester ndi Swartland. Mbewu yolimidwa kwambiri ndi Chenin Blanc, imene akale ankaitcha Steen. Palinso Pinotage, mbewu yofiira imene mphunzitsi wina wa ku Stellenbosch, Abraham Perold, adaipanga mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lili pamwambali. Vinyo woyera wa Chenin Blanc kapena Sauvignon Blanc, ngakhalenso wofiirira uja amati rosé, wothyoledwa mu Febuluwale, amakhala atafika m'masitolo pakati pa chaka. Pofika Okutobala ndi Novembala amakhala pachimake, ndipo pa botolo pamakhala chaka chomwe tili. Sakwera ndege monga Beaujolais Nouveau wotumizidwa kutali, amene mtengo wake umakwera chifukwa cha ulendo wothamanga. Amabwera pa msewu. Choncho kwa munthu wa m'chigawo chathu cha Tete, vinyo watsopano woyenera kumufunafuna miyezi ino ndi ameneyu, pamodzi ndi Vinho Verde wa chaka chatha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Koma potsegula botolo la ku Cape tikumbukire manja amene adathyola. Kwa zaka zambiri eni minda ankalipira antchito mbali ina ya malipiro ndi vinyo, mchitidwe wotchedwa dop. Lamulo lidauletsa mu 1960, koma m'minda ina udapitirira mpaka m'ma 1990. Zipsera zake zilipobe, makamaka ana obadwa olumala ubongo chifukwa amayi ankamwa ali oyembekezera. Mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns adanyanyala ntchito, ndipo mu 2013 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa a tsiku kuchoka pa marandi 69 kufika pa 105. M'minda ya ku Western Cape mumagwiranso anthu ochokera m'maiko athu ano. Mwina phava lina m'botolo lanulo lidathyoledwa ndi mphwanu.

Mbiri yowawa ya vinyo kwathu

Akuluakulu athu akukumbukira garrafão, chibotolo cha malita 5 cholukiridwa chija, chimene chinkagulitsidwa m'makantina nthawi ya atsamunda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 dziko la Portugal linali ndi vinyo wochuluka wosowa msika. Njira imene adaipeza inali yomutumiza ku maiko amene ankawalamulira, makamaka kumwera kwa Mozambique, kumene anyamata ankabwera ndi ndalama za ku migodi ya ku Joni. Pofuna kuti malonda ayende, boma la atsamunda linkapondereza zakumwa zofulula eni nthaka. Vinyo wotumizidwayo kawirikawiri anali wapansi, wowonjezeredwa ukali, ndipo m'makantina ankamusukuluzanso. Katswiri wa mbiri José Capela adalemba buku la nkhaniyi mu 1973, ndipo mutu wake wokha, O Vinho para o Preto, ukunena zonse. Dzina limenelo ndi lomwe amalonda ankatchula vinyo wogulitsa kwa anthu akuda.

Tikukumbutsa zimenezi pa chifukwa chimodzi. Kale tinkapatsidwa zotsalira chifukwa tinalibe chonena. Lero tili ndi ufulu wosankha, ndipo ufulu umenewo umayamba ndi kuwerenga pepala lomatidwa pa botolo.

Poti mugule, onani izi

Choyamba, chaka. Nambala ya chaka, imene nthawi zina imatsagana ndi liwu lakuti colheita, imanena chaka chothyola mphesa. Botolo lolembedwa nouveau, primeur kapena novello likakhala la zaka ziwiri zapitazo, lisiyeni ngakhale alitsitse mtengo. Vinyo woyera wamba ndi rosé ndi bwino kumwa asanapitirire zaka ziwiri. Mabotolo ena a Vinho Verde salembedwa chaka, tsono otere mugule pa sitolo imene katundu sakhalitsa, osati pamene botolo lachita fumbi.

Chachiwiri, dzina la dera. Zilembo za DOC pa vinyo wa ku Portugal ndi Italy, AOC kapena AOP pa wa ku France, ndi mawu akuti Wine of Origin pa wa ku South Africa, zimasonyeza kuti pali bungwe limene lidatsimikiza kumene mphesa zidachokera. Vinho Verde weniweni amakhala ndi chidindo cha bungwe la dera lake kumbuyo kwa botolo. Chakumwa cholembedwa kuti bebida à base de vinho kapena aromatizada si vinyo weniweni, koma chosakaniza ndi zina. Sicholakwa kuchigulitsa, koma musachilipire mtengo wa vinyo.

Chachitatu, chidindo cha msonkho. Mu 2017 Autoridade Tributária idayamba kumata timapepala ta msonkho pa mabotolo a vinyo ndi zakumwa zaukali. Botolo lopanda chizindikiro chilichonse, lotsegulidwa kale, kapena vinyo wotungidwa m'chigubu chosadziwika kumene chachokera, ndi zoika moyo pachiswe. Musaganize kuti zachinyengo ndi za kuno kokha. Mu 1986 ku Italy anthu pafupifupi 20 adamwalira ndipo ena adachita khungu atamwa vinyo wotchipa amene amalonda adathiramo poizoni wa methanol pofuna kumukalipitsa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mukaona zokayikitsa, kadziwitseni akuluakulu oyendera malonda.

Chachinayi, kutentha. Mdani wamkulu wa vinyo watsopano ndi dzuwa. Mu mzinda wa Tete miyezi ino kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo botolo limene lakhala pa windo kapena pansi pa malata limapsa ngati laphikidwa. Zizindikiro zake ndi chitsekero chotukuka, madontho ouma pakhosi pa botolo, vinyo woyera amene wasanduka wa mtundu wa tiyi, kapena wofiira amene wayamba kuoneka ngati njerwa. Kunyumba sungani botolo pansi, pamdima. Ngati mulibe firiji, likulungeni ndi nsalu yonyowa n'kuliika pamphepo, kapena liviikeni mu mtsuko wa madzi. Mukatsegula, lithe m'masiku awiri kapena atatu, chifukwa mpweya umalisandutsa viniga.

Chachisanu, muyeso. Vinyo watsopano amatsika pakhosi ngati madzi a zipatso, koma botolo limodzi la mamililita 750 la ukali wa magawo 12 pa 100 lili ndi mphamvu yoposa mabotolo ang'onoang'ono asanu a moŵa wa m'fakitale. Botolo limodzi ndi la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, pa chakudya. Mayi woyembekezera asalaŵe n'komwe. Woyendetsa njinga yamoto kapena galimoto adikire akafike. Ndipo lamulo la dziko lathu limaletsa kugulitsa zoledzeretsa kwa ana osafika zaka 18.

Amayi ofulula nawonso atengepo kanthu. Mlimi wa mphesa wosamala amataya phava lovunda lisanalowe m'thanki. Ife a m'chigawo chino sitingaiwale za ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, kumene mu Januwale 2015 anthu 75 adamwalira atamwa phombe pa maliro. Ofufuza adapeza kuti gwero lake linali poizoni wa tizilombo timene tidamera mu ufa wa chimanga umene udanyowa n'kuwonongeka. Ufa wosayenera nsima ndi wosayeneranso moŵa.

Phunziro kwa mlimi

Nkhani ya Beaujolais ili ndi kanthu kena koposa kumwa. N'chifukwa chiyani alimi a kumeneko adaukonda vinyo watsopano? Chifukwa ndalama zimalowa m'thumba patangopita miyezi iwiri chikololereni, m'malo modikira chaka. Adagwirizana pa dzina limodzi, mbewu imodzi ndi tsiku limodzi, ndipo dziko lonse lidayamba kudikira tsikulo. Koma malonda atakoma m'ma 1980, ambiri adathamangira kuchulukitsa osasamala ubwino. Ogula adatopa. Vinyo wochuluka wa chaka cha 2001 adasowa womugula, mpaka adatayidwa kapena kutchezedwa kukhala spiriti. Dzina la dera lonse lidaipa, ndipo padatenga zaka kuti alimi osamala alikonzenso. Alimi a fodya amene mudaonapo mitengo ikugwa chaka chimene aliyense walima wambiri, nkhaniyi mukuimva bwino.

Nyengo nayonso ikuwasautsa monga ikutisautsira ife. M'madera ambiri a ku France mphesa zikupsa masabata awiri kapena atatu msanga kusiyana ndi zaka makumi angapo zapitazo. Mu Epulo 2021 chisanu chidawotcha mphukira m'minda yambiri. Bungwe loona za mphesa ndi vinyo pa dziko lonse, OIV, lidalengeza kuti vinyo wopangidwa mu 2023 anali wochepa kuposa chaka china chilichonse kuyambira 1961, ndipo mu 2024 adatsikanso. Omwa nawonso akuchepa, kotero kuti ku Bordeaux boma lidafika polipira alimi kuti azule mipesa.

Ife tili ndi mbatatesi za ku Angónia, tirigu wa ku Tsangano, mapichesi a m'mapiri athu ndi masawu a m'chigwa cha Zambezi. Zonsezi zili ndi mbiri yabwino kale. Chimene anzathu aja adachita ndi kuteteza dzina la dera lawo ndi malamulo ogwirizana, kuti wogula akamva dzinalo adziwe chimene akulipira. Tikamaika mbatatesi zazikulu pamwamba pa thumba, zowola pansi, tikuchita zomwe zidagwetsa Beaujolais. Wogula amanyengeka kamodzi kokha.

Tsono tiombe mkota. Muli ndi mwana ku France, muuzeni alaŵe Beaujolais-Villages Nouveau sabata yachitatu ya Novembala. Ali ku Portugal, asaphonye magusto pa 11. Ali ku Germany kapena ku Austria, amwe Federweisser kapena Sturm ali komweko. Inu muli kuno, ngati pali ukwati kapena mlendo wolemekezeka, funani vinyo woyera wa ku Cape wa chaka chino kapena Vinho Verde wa chidindo chake, wosungidwa pamthunzi. Koma kumbukirani kuti anzathuwo amatsegula migolo atamaliza kukolola, nkhokwe zili zodzaza. Ife Novembala ndi mwezi wa mbewu ndi feteleza. Ndalama ya thumba la feteleza isalowe m'botolo. Vinyo adzakhalapobe pa masika athu, koma mvula yodzalira sidikira munthu.